Duwa la m'chithunzi silibala mbewu

Kuwerenga: Yohane 15:1-8

Amene anadutsapo m'zigwa za Kasungu mu Januwale kapena Febuluwale akudziwa kukongola kwa duwa la fodya. Limatuluka pansonga penipeni, lofiirira motuwa, lotalika ngati kalipenga. Wojambula zithunzi akafuna kulijambula bwino amalawirira dzuwa lisanakwere. Amathyola maluwa angapo, nawaika mu mtsuko wadothi pamkeka pafupi ndi zenera, kuti kuwala kugwere mbali imodzi ndipo mthunzi uonetse maonekedwe ake. Akachedwa apeza atafota.

Nyengo iliyonse ili ndi duwa lake. Jakaranda amachita maluwa mu Okutobala, pamene deliya wachikasu amadzaza m'mbali mwa misewu mvula ikamatha. Wojambula saitana duwa, amalidikira.

Koma mlimi amaliona mwina duwa lomweli. Likangotuluka iye amathena fodya wake, kuthyola nsonga yonse, kenaka n'kumachotsa mphukira zomera m'mphanda. Sachita izi chifukwa cha nkhanza. Akudziwa kuti duwa likasiyidwa limalanda chakudya cha masamba, ndipo masambawo amakhala opyapyala ndi opepuka. Pa msika wa Chinkhoma ogula sapima maluwa, amapima tsamba. Fizi ya ana, feteleza ndi chimanga cha m'nkhokwe zimadalira kulimba mtima kwa dzanja lothyola chokongola.

Mu Uthenga wa Yohane, Ambuye Yesu akufanizira Atate ndi mlimi wosadza nthambi kuti zibale koposa. Kusadza kumawawa, pakuti kawirikawiri chimene Mulungu amachotsa ndi chimene ife timanyadira. M'mabanja ambiri ndalama za fodya zimathera pa zovala zodzionetsera, mowa ndi chibwenzi cha mseri, ana akugona ndi njala miyezi ya mvula. Amenewo ndi maluwa olanda chakudya cha banja.

Taganiziraninso za chithunzi chija. Chikhoza kukhala pakhoma zaka zambiri osafota, koma sichinunkhira, njuchi siziterapo, ndipo sichidzabala mbewu. Chikhristu chongooneka Lamulungu m'mawa, mu yunifomu yochapa bwino, n'chimodzimodzi. Jambulani maluwa ndithu, pakuti ndi ntchito ya manja a Mlengi, koma inu musakhale chithunzi.

Sabata ino khalani pansi monga banja, mudzifunse: kodi ndi duwa liti m'nyumba muno likuyenera kuthyoledwa?

Tipemphere: Atate, tisadzeni mwa chifundo chanu, kuti moyo wathu ukhale wolemera pa sikelo yanu. Ameni.