Malire a Mabuku a Acinyamata ndi a Akulu

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amafunsa kuti: Kodi buku la nkhani yopeka likhala la acinyamata pa cifukwa canji, ndipo malire ake ndi buku la akulu ali pati? Funsoli si lacabe, pakuti wosankha akalakwa, mwana amanyong'onyeka naleka kuwerenga, kapena amalandira cakudya cimene mano ake sangathe kutafuna.

Kale malire amenewa panalibe. Daniel Defoe analembera akulu buku lake la Robinson Crusoe m'caka ca 1719, ndipo Jonathan Swift, mu Gulliver's Travels wa 1726, anali kunyoza olamulira ndi anzeru a masiku ake. Koma ana anakondwera ndi cisumbu cija ndi tianthu tating'ono tija, nalanda mabukuwo, ndipo osindikiza anawafupikitsa ndi kucotsamo zowawa.

Mabuku a pakati, a iwo amene asiya ubwana koma sanafike pa ukulu, anakula makamaka ku America. M'caka ca 1967 munaturuka The Outsiders, limene mtsikana S. E. Hinton analilemba akali pa sukulu, lonena za udani wa anyamata olemera ndi osauka. Lero osunga mabuku kumeneko amati acinyamata ndiwo a zaka 12 kufikira 18.

Ena amati malire ali pa msinkhu wa mwini nkhani. Koma mnyamata wa mu The Catcher in the Rye, limene J. D. Salinger anaturutsa m'caka ca 1951, ndi wa zaka 16, cinkana bukulo linasindikizidwira akulu. Ena amati buku la acinyamata lisakhale ndi imfa kapena nkhanza; komabe mu The Outsiders anyamata atatu amafa.

Kawirikawiri wolemba malire ndiye wamalonda. The Book Thief, la Markus Zusak, linagulitsidwa ku Australia m'caka ca 2005 monga buku la akulu. Litafika ku America m'caka cotsatira linaikidwa pa mabuku a acinyamata, nkhani yake ili yomweyo. Ndiponso a kampani ya Bowker, atafufuza m'caka ca 2012, anapeza kuti mwa ogula 100 a mabuku a acinyamata, 55 anali a zaka 18 kapena kuposa.

Cizindikilo codalirika ndico pamene wolembayo waima. Buku la acinyamata limaima m'kati mwa mtima wa mnyamata, pamene cikondi, manyazi ndi maliro zimgwera koyamba, ndipo litatha njira ikali yotseguka patsogolo pake. Ndico cifukwa cake acinyamata analanda buku la Salinger lija. Buku la akulu limayang'ana m'mbuyo, lodziwa kale mtengo wa zinthu. Mu Things Fall Apart, la Chinua Achebe, la 1958, muli anyamata Nwoye ndi Ikemefuna, koma katundu wa nkhaniyo ali pa mutu wa Okonkwo, mwamuna woona dziko la makolo ake likugumuka. Ana a sukulu a m'Africa amaliwerenga ndi kupindula, koma wolibwereza ali ndi ana akeake amapezamo buku lina.

Motero kholo lanzeru lisakhulupirire cikuto cokha. Liwerenge masamba ena, lidziwe mwana wake, ndipo bukulo likakhala lolemera, likhale naye pansi akambirane. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: amene anakonda buku ali ndi zaka 14 sadzalitaya atamera imvi.