Reguleta yomangidwa bwino ndiyo chitetezo cha makorali oweta

Anthu oweta makorali m'mathanki agalasi m'mayiko monga Germany, America ndi Japan amadalira kachipangizo kotchedwa reguleta kuti ziweto zawo zikule, koma kulakwitsa pang'ono pomanga kachipangizoka kungaphe zamoyo zonse za m'thanki usiku umodzi.

Ngakhale amaoneka ngati miyala kapena zomera, makorali ndi tinyama ta m'nyanja zamchere tomwe timakhala tambirimbiri malo amodzi. Mitundu yolimba imamanga mafupa ake ndi calcium carbonate, yemwenso amapanga chigoba cha nkhono ndi cha dzira.

M'nyanja yaikulu zomangirazi sizitha, koma m'thanki ya malita mazana ochepa zimachepa tsiku ndi tsiku pomwe makorali akukula. Oweta amayesetsa kuti lita iliyonse ya madzi ikhale ndi mamiligalamu 400 mpaka 450 a calcium, komanso kuti mphamvu ya madziwo yolimbana ndi asidi ikhale pakati pa 7 ndi 11 pa muyeso wotchedwa dKH.

Njira imodzi yobwezeretsera zomwe zatha ndi makina otchedwa calcium reactor, omwe anafala kuchokera ku Germany m'zaka za m'ma 1990. Makinawa ndi chigubu chotseka chodzaza ndi zidutswa za makorali akufa, ndipo pampu imazungulitsa madzi a m'thanki m'chigubumo. Akalowetsamo mpweya wa carbon dioxide, madziwo amakhala ndi asidi wochepa yemwe amasungunula zidutswazo. Madzi odzala ndi calcium amabwerera m'thanki modontha, ndipo makorali amoyo amamanga matupi awo ndi mafupa a anzawo omwe anafa kale.

Kuchuluka kwa asidi amakuyeza ndi muyeso wa pH, womwe umayambira pa 0 kulekeza pa 14, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. M'chigubu muja pH imayenera kukhala pafupifupi 6.5, pomwe m'thanki imayenera kukhala pakati pa 8.1 ndi 8.3. Mpweya ukalowa wochepa zidutswa sizisungunuka. Ukachuluka zimasanduka phala, ndipo wotsalawo umadutsira m'thanki momwe umatsitsa pH mpaka nsomba ndi makorali kufa.

Chomwe chimachititsa kuti ntchitoyi ifune chisamaliro ndi mphamvu ya mpweyawo. M'silinda, carbon dioxide amakhala wamadzimadzi, ndipo kutentha kukakhala madigiri 20 amakankha ndi mphamvu ya mabar pafupifupi 57, yomwe ndi yoposa ya m'tayala la galimoto yaing'ono maulendo oposa 20. Ntchito ya reguleta ndi kutsitsa mphamvu imeneyi kufika pa bar imodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake imakhala ndi mageji awiri, ina yoonetsa mphamvu ya m'silinda, ina yoonetsa mphamvu ya mpweya womwe ukutuluka.

Pomanga, zipangizo zimatsatana mu ndondomeko yake. Potulukira mpweya pa reguleta pamamangidwa valavu ya magetsi yotchedwa solenoid. Valavuyi iyenera kukhala ya mtundu womwe umatseka wokha magetsi akathima, chifukwa pampu ikaima mpweya n'kumalowabe, umaunjikana m'chigubu. Oweta ambiri amailumikiza ku makina oyeza pH kuti izitseka asidi akafika pa mlingo wake. Pathupi pake pamakhala muvi kapena chizindikiro choonetsa komwe mpweya uyenera kulowera, ndipo ikatembenuzidwa siitseka bwino.

Pambuyo pa solenoid pamabwera kavalavu kokhala ndi nsonga yonga singano, komwe kamalola mpweya kudutsa pang'onopang'ono. Kavalavuka n'kosinthira mlingo chabe, ndipo kukamanga mwamphamvu ngati mpopi kumaononga nsongayo. Kenako pamabwera kabotolo koonekera mkati kokhala ndi madzi, momwe mpweya umadutsa ngati timathovu tomwe munthu angathe kuwerenga. Pomaliza pamaikidwa valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha, yomwe imatchinga madzi amchere kuti asabwerere m'paipi n'kukadya zitsulo za reguleta.

Polumikiza zitsulozi, wokonza amakulunga mazinga ndi tepi yoyera ya apulambala kawiri kapena katatu, motsata mbali yomwe chitsulocho chimangikira. Zinga loyamba amalisiya lopanda tepi kaamba koti kachidutswa kakang'ono kakathothoka kamakatseka bowo la kavalavu ka singano.

Koma pomwe reguleta imakumana ndi silinda sipafunika tepi. Pamenepo chotchinga mpweya ndi washala, yemwe ayenera kukhala watsopano kapena wosaphwanyika, ndipo nati imamangidwa ndi sipanala yokwana bwino. Mazinga a masilinda amasiyananso malinga ndi dziko. Ku America ndi Canada amatsata muyeso wa CGA 320, mayiko ambiri a ku Ulaya amatsata DIN 477 nambala 6, pomwe ku Britain kuli BS 341 nambala 8. Wogula reguleta kunja ayenera kuyamba watsimikiza muyeso wa silinda yake, poti kukakamiza mazinga osagwirizana pa mphamvu yotere n'kuika moyo pachiswe.

Zonse zikamangidwa, chogwirira cha reguleta chimamasulidwa mpaka chipepuke. Silinda imatsekulidwa pang'onopang'ono, munthu ataima chammbali osati moyang'anizana ndi mageji. Geji yoyamba ikakwera ndi kukhazikika, ndi pomwe chogwiriracho chimamangidwa mpaka geji yachiwiri ifike pa mlingo wofunika.

Kenako pamabwera kuyesa ngati pali podontha. Madzi a sopo amapakidwa polumikizira paliponse, monga achitira okonza machubu a njinga, ndipo pomwe patuluke thovu pamamasulidwa ndi kumangidwanso. Njira ina ndi kutseka solenoid ndi silinda madzulo, kulemba pomwe mivi ya mageji yaima, ndi kudzaonanso m'mawa. Muvi ukatsika ndiye kuti mpweya ukuthawa, ndipo silinda yoyenera kutha miyezi ingapo ikhoza kutha m'masiku owerengeka.

Poyamba kugwiritsa ntchito makinawa, oweta ambiri amayamba ndi timathovu pafupifupi 10 pa mphindi. Akatero amadikira tsiku limodzi kapena awiri, n'kuyeza madzi a m'thanki, asanasinthe chilichonse. Kusinthasintha mopupuluma kumazunza makorali kuposa kuchepa pang'ono kwa calcium.

Ngozi yomwe imadzidzimutsa ambiri imadza silinda ikatsala pang'ono kutha. Geji yoyamba sionetsa kuchuluka kwa mpweya wotsala, chifukwa mphamvu sisintha malinga ngati m'silinda mudakali mpweya wamadzimadzi. Madziwo akatha mphamvu imayamba kugwa, ndipo reguleta yotsitsa mphamvu pa sitepe imodzi imayamba kutulutsa mpweya wochuluka kuposa womwe inaikidwira. Reguleta ya masitepe awiri, ngakhale ndi yokwera mtengo, imapewa vutoli. Amene alibe reguleta yotere ayenera kumayeza kulemera kwa silinda pa sikelo, ndi kuisintha muvi ukangoyamba kutsika.

Chitetezo cha anthu nachonso n'chofunika. Silinda iyenera kuima chilili, yomangiriridwa ku khoma, kutali ndi dzuwa ndi moto. Ikagona, mpweya wamadzimadzi umalowa mu reguleta n'kuiononga. Carbon dioxide alibe mtundu, samveka fungo, ndipo polemera kuposa mpweya womwe timapuma amaunjikana pansi, kotero chipinda chiyenera kukhala chopita mphepo.

Zomwe zimachitika m'chigubu chija zikuchitikanso pang'onopang'ono m'nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi. Nyanjazi zimamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide yemwe anthu amatulutsa powotcha malasha, mafuta ndi nkhalango. Kuchokera pomwe mafakitale anayamba m'zaka za m'ma 1700, pH ya madzi a pamwamba pa nyanja yatsika kuchoka pafupifupi pa 8.2 kufika pa 8.1. Kusinthaku kukuoneka kochepa, koma kukutanthauza kuti asidi wawonjezeka ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse, zomwe zikuchititsa kuti makorali ndi nkhono zizivutika kumanga zigoba.

Matanthwe a makorali sakwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma amasunga pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja zamchere. Ena mwa matanthwewa ali m'nyanja ya Indian Ocean, pa zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto m'dziko la Mozambique, komwe asodzi amadalira nsomba zomwe zimaswana m'matanthwemo.

Woweta makorali akaona kuti asidi wachuluka amathamangira kukatseka silinda, ndipo madzi amabwerera mwakale m'maola ochepa. Nyanja yaikulu ilibe valavu yotere, ndipo njira yokhayo yoitetezera ndi kuchepetsa mpweya womwe anthu akutulutsa.