Matabuleti M'kalasi ndi Tsogolo la Ana a ku Mulanje pa Sayansi ndi Masamu

Ana athu ambiri amafika ku sekondale atagamula kale mumtima kuti masamu ndi sayansi ndi maphunziro a anthu ena. Mantha amenewa amayambira ku pulayimale, kumene mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana ochuluka zedi, mwakuti wotsalira m'mbuyo saoneka. N'chifukwa chake nkofunika kuti timvetse bwino zipangizo zamakono zimene zayamba kulowa m'sukulu za dziko lino.

M'chaka cha 2013 mabungwe a onebillion ndi VSO anayesa matabuleti ophunzitsa masamu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Kafukufuku wa University of Nottingham anapeza kuti ana amene anawagwiritsa ntchito mphindi 30 patsiku kwa masabata 8 anapambana anzawo pa masamu. Mu 2023 boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale. Tabuleti imalankhula ndi mwana m'Chichewa, imamupatsa ntchito yolingana ndi pamene wafika, ndipo akalakwa imamukonza pomwepo popanda anzake kumuseka. Siifuna intaneti, ndipo imatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Komabe tabuleti imangochotsa mantha. Chimene chimadzutsa chidwi chokhalitsa ndi kuona kumene masamuwo amagwira ntchito, ndipo pamenepa Mulanje ndi boma lamwayi. Ku Bondo, madzi a mtsinje wa Lichenya amazunguza makina a MEGA amene amapereka magetsi m'midzi yozungulira. Kuwerengera kuchuluka kwa madzi ndi msinkhu umene akutsetsereka ndi masamu enieni. Ku Mimosa, akatswiri a Tea Research Foundation of Central Africa amatulutsa mitundu yatsopano ya tiyi. Paphiri, mkungudza watsala pang'ono kutha ndipo ukufuna odziwa za mbewu ndi nthaka. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsanso kufunika kwa akatswiri a zanyengo ndi mainjiniya a milatho. Ndiponso MUST, yunivesite ya sayansi imene inatsegulidwa mu 2014, ili pafupi pomwepa ku Ndata, m'boma la Thyolo.

Tsono ife makolo, aphunzitsi ndi akatekisi tili ndi udindo. Makomiti a sukulu asamale zipangizozi kuti zisabedwe kapena kungotsekeredwa mu ofesi. Aphunzitsi apemphe chilolezo chokaonetsa ophunzira malo tatchulawa, ndipo aitane anamwino, alangizi a zaulimi ndi amisiri a magetsi kuti adzacheze ndi ana. Makolo tionetsetse kuti mtsikana sakujomba chifukwa cha ntchito zapakhomo pamene mlongo wake ali m'kalasi. Mwana akatifunsa chifukwa chake madzi amayatsa babu, tisamukalipire, koma timuthandize kupeza womuyankha. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.