Yunivesite yomwe inkaphunzitsa kulemba mavayirasi a kompyuta

Mu 2003, yunivesite ya Calgary ku Canada inalengeza kosi yatsopano yotchedwa Computer Viruses and Malware, mphunzitsi wake John Aycock. Nkhaniyi inautsa mapiri pachigwa chifukwa ophunzira sankangomva za mavayirasi ayi. Ankalemba okha vayirasi, kenako n'kulembanso pulogalamu yoigwira.

Malware ndi pulogalamu iliyonse yolembedwa kuti iwononge, ibe kapena izonde za mu kompyuta kapena foni ya munthu. Vayirasi ndi mtundu umodzi chabe: imadziphatika ku fayilo ina, ndipo fayiloyo ikatsegulidwa imadzikopera kwina. Nanunso mwina munaonapo fulashi yomwe mafayilo ake onse asanduka ma shortcut mutangoilowetsa mu kompyuta ya mnzanu.

Makampani opanga antivayirasi anakwiya. A Sophos ananena poyera kuti munthu wolembapo vayirasi sangamulembe ntchito. Mfundo yawo inali yakuti ungathe kuphunzira kuteteza pofufuza mavayirasi omwe alipo kale, nanga kupangiranji ena?

Mantha awowo sanali achabe. Pa 2 November 1988, Robert Morris, wophunzira wa pa Cornell ku America, anatulutsa pa intaneti pulogalamu yomwe inkadzifalitsa yokha, imene akatswiri amaitcha worm. Anailemba moti ikapeza kompyuta yomwe yagwidwa kale, kamodzi pa maulendo 7 alionse izilowamobe. Kachinthu kakang'ono, eti? Koma makompyuta anadzaza ndi makope mpaka kulephera kugwira ntchito. Akuti anagwidwa pafupifupi 6,000, pa nthawi yomwe intaneti yonse inali ndi makompyuta ngati 60,000. Khoti linamupeza wolakwa.

Ine monga wa fizikisi, apa ndimaona chain reaction yeniyeni, yonga ya uranium ija timaphunzira ku Fomu 4. Tengani cholembera muwerengere: kompyuta imodzi ipatsira inzake, ziwirizo zipatsira zina ziwiri, zinayi zikhala 8. Mukawirikiza ka 20 mwadutsa kale 1 miliyoni. Chinthu chotere sichifuna kuti wochipangayo akhale ndi mtima woipa. Kulakwitsa mzere umodzi basi, chapita.

Ndiye n'chifukwa chake ku Calgary nkhani yaikulu inali labu. Chipindacho chinali chokhoma, makompyuta ake osalumikizidwa ku intaneti, ndipo panalibe zotuluka ndi mafayilo. Ankalandira ophunzira a m'zaka zomaliza okha, atasaina pangano, ndipo malamulo ndi khalidwe zinali gawo la kosiyo. Zimandikumbutsa momwe timasungira zinthu zotulutsa radiation: m'bokosi la mtovu, kugwira ndi chopanira, osati ndi dzanja. Sitisiya kuziphunzitsa chifukwa n'zoopsa. Pa mkanganowu ine ndili mbali ya Aycock, ngakhale ndikuvomereza kuti loko wa pachitseko satseka zomwe munthu watuluka nazo m'mutu.

Mu 2005 anawonjezera kosi ina ya Spam and Spyware. Spam ndi mauthenga otumizidwa kwa anthu ambirimbiri omwe sanawapemphe, achibale ake a ma SMS aja akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Njira imodzi yowasefera ndi masamu a probability: pulogalamu imawerenga mawu a m'mauthenga ambiri, abwino ndi achinyengo, n'kuphunzira kuti mawu ati amakonda kupezeka kuti. Wotumiza spam naye sagona. Amalemba "fr33" m'malo mwa "free", kapena kubisa mawu m'chithunzi kuti sefayo isawaone. Wophunzira amene wayesapo kupusitsa sefa m'labu amadziwa msanga pomwe ikudontha.

Mwina ena mwayamba kale kuganiza zoyeserera pa kompyuta ya sukulu. Iyayi, anzanga. Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta ya mwini popanda chilolezo kapena kuikamo vayirasi ndi mlandu. Ngati ntchitoyi yakusangalatsani, poyambira pake ndi masamu, makamaka probability ndi ma indices, komanso chilankhulo cholembera mapulogalamu monga Python, chomwe n'chaulere.