Cibayo: Amai Phunzirani Kuwerenga Kapumidwe ka Mwana

LIVINGSTONE: Alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amaudziwa mzinda uno monga malo otentha. Koma okhala ku Maramba, Libuyu, Dambwa ndi Linda adziwa bwino kuti m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira koopsa. Pamenepo mbaula imalowetsedwa m'nyumba, mazenera amatsekedwa, banja lonse limagona mothinana m'cipinda cimodzi, ndipo cifuwa ca mmodzi cimasanduka ca onse. Akulu amatsokomola mlungu umodzi nacira. Kwa khanda nkhani imakhala ina, ndipo ziri cimodzimodzi kumidzi ya ku Katete, Petauke kapena Lundazi.

Cimfine wamba cimakhala m'mphuno ndi pakhosi, ndipo kawirikawiri cimatha cokha. Cibayo cimatsikira m'mapapo. Timatumba tating'ono tolandira mpweya timadzala madzi ndi mafinya, kotero kuti mwana amapuma mofulumira pofuna kupeza mpweya womkwanira. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2019 cokha nthendayi inapha ana 740,180 osafika zaka 5 pa dziko lonse lapansi, ndiko kuti ana 14 mwa ana 100 alionse amene anamwalira pa msinkhu umenewo.

Tsono mai amene ali kutali ndi cipatala angasiyanitse bwanji ziwirizi? Njira yake ndi kuwerenga. Dikirani mwana akhale cete, asakulira ndiponso asakuyamwa. Mvuleni malaya, penyani pamimba kapena pacifuwa, ndipo muwerenge kuti akukoka mpweya kangati pa mphindi imodzi yathunthu ya koloko kapena ya foni. Khanda losafika miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kupitirira, labvutika. Mwana wa miyezi 2 kufikira 11 malire ake ndi ka 50, ndipo wa caka cimodzi kufikira zaka 5 ndi ka 40. Mukakayika werenganinso kaciwiri. Penyaninso m'munsi mwa nthiti: ngati pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, mapapo alema. Wotere apite kucipatala tsiku lomwelo. Koma mwana amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza ciriconse, akukomoka, kapena wafooka kosadzutsika, asadikire kuti kunja kuce.

Pali mwambo wotema mphini m'nthiti mwa mwana wodwala cibayo. Agogo amacita zimenezi mwa cikondi, sitikana. Koma lumo silifika m'mapapo, ndipo masiku awiri amene atayika poyembekeza kuti mphini zigwire nchito ndiwo amene nthenda imakulira.

Zina mwa zimene madokotala adziwa za nthendayi zinaphunziridwa m'dziko lathu lino. Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzace pa University Teaching Hospital ku Lusaka anapima mapapo a ana 264 amene anamwalira ndi matenda a m'cifuwa, nafalitsa zimene anapeza mu 2002. Ambiri anali ndi cibayo ca mafinya, comwe mankhwala ace alipo, ndipo ena anali ndi cifuwa cacikulu ca TB. Mu 2004 gulu la Pulofesa Chintu linasonyezanso kuti mankhwala osakwera mtengo ochedwa cotrimoxazole, akamapatsidwa tsiku ndi tsiku kwa ana okhala ndi kacirombo ka HIV, amacepetsa imfa kwambiri.

Comwe cikhudza anthu a kumudzi koposa cinacitika muno m'cigawo ca Kummwera, m'midzi yozungulira cipatala ca Chikankata. Kumeneko anthu odzipereka othandiza za umoyo m'midzi anaphunzitsidwa kupima malungo ndi dontho la magazi, kuwerenga kapumidwe ka mwana, ndi kupereka mankhwala a amoxicillin pomwepo. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2010. Kumene anapatsidwa mphamvu imeneyi, ana 68 mwa ana 100 odwala cibayo analandira mankhwala oyenera pa nthawi yace. Kumene anangouzidwa kutumiza mwana ku kiliniki, anali 13 cabe. Mtunda ndi bvuto lalikulu. Mai wopanda njinga, amene ali ndi ana ena pakhomo ndi munda womdikira, amayamba waganiza kawiri asananyamuke. Phunziro lina ndi lakuti si kutentha thupi konse kumene kuli malungo, ndipo mankhwala a malungo saciza cibayo.

Katemera nayenso wafika. Kuyambira mu 2013 Unduna wa za Umoyo unayamba kupereka m'dziko lonse katemera woteteza ku kacirombo ka pneumococcus, kamene kamayambitsa cibayo coopsa. Amaperekedwa kusikelo kwaulere. Amai asungitse khadi la mwana ndipo asadumphe tsiku, osaiwalanso katemera wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18, pakuti cikuku cimatsegulira njira cibayo. Katemera sachinga tizirombo tonse, conco ngakhale mwana wobayidwa ayenera kuyang'aniridwa akayamba kutsokomola.

Zotsala ziri m'manja mwa banja. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Asakhale kumbuyo kwa amace m'khichini lodzala utsi wa nkhuni, ndipo abambo osuta fodya akasutire panja. Mbaula ya makala isagone m'cipinda cotseka, cifukwa mpweya wace, womwe sununkha, wapha kale mabanja ali m'tulo.

Mukalandira amoxicillin, mwana amwe masiku onse amene anamwino anena, ngakhale ayambe kusewera pa tsiku laciwiri, ndipo otsala asasungidwire mng'ono wace. Ngati papita masiku awiri kapumidwe kasanasinthe, bwererani naye. Amene abvutika kwambiri kuno amatumizidwa kucipatala cacikulu ca Livingstone, kumene angathe kugonekedwa ndi kupatsidwa mpweya wa okosijeni.