Mtengo wa pakhomo usanagwe umachenjeza

Mwezi wa Marichi 2023 Namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Nthaka inakhuta madzi, matope anatsika m'mapiri, mitengo inazuka ndi mizu yomwe. Pa nyengo ngati imeneyo mango kapena bulugama woyandikana ndi nyumba amasanduka chiopsezo. Koma nthawi zambiri mtengo sugwa mwadzidzidzi. Umayamba waonetsa zizindikiro, ndipo bayoloje, fizikisi ndi masamu zomwe mumaphunzira m'kalasi zingakuthandizeni kuziwerenga.

Masamba obiriwira amanamiza

Gawo lamoyo la thunthu lili chakunja. Pansi pa khungwa pali phloem yomwe imanyamula chakudya chochokera m'masamba, kenako cambium yomwe imanenepetsa mtengo, kenako xylem yatsopano yomwe imakweza madzi kuchokera kumizu. Mtima wa mtengo, pakati penipeni, ndi xylem yakale yomwe inasiya kunyamula madzi. Ntchito yake ndi kulimbitsa basi.

Ndiye taganizani: chiswe ndi tizilombo ta m'gulu la bowa tikhoza kudya mtima wonsewo, koma masamba n'kukhalabe obiriwira, zipatso n'kumabereka, popeza njira za madzi ndi chakudya sizinakhudzidwe. Mtengo wamphako sikuti ugwa mawa ayi. Nsungwi nayo ndi yobooka m'kati koma ndi yolimba. Vuto limabwera pomwe khoma lotsalalo lapyapyala kwambiri kapena lang'ambika mbali imodzi.

Mtengo wopanda masamba nawo sikuti wafa. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, anzake ali biriwiri. Kandani kanthambi ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira ndi zonyowa, nthambiyo ili moyo. Mukaona zouma, yesaninso nthambi zina musanagamule.

Zoyenera kuyang'ana

Yambirani pansi. Bowa womera patsinde amasonyeza kuti m'kati kapena kumizu mukuola. Nthaka yotukumuka kapena yong'aluka mbali imodzi ya tsinde imasonyeza kuti mizu yayamba kuzuka. Mizu ya mitengo yambiri sipita pansi kwenikweni, imayala m'mbali chapamwamba. N'chifukwa chake kukumba maziko, chimbudzi kapena dothi la njerwa pafupi ndi mtengo kumaufoola.

Kenako onani thunthu: ming'alu, njira za chiswe, khungwa losupuka, utuchi wothothoka m'timabowo. Gogodani ndi mpini. Mtengo wobooka umalira ngati ng'oma. Pomaliza yang'anani m'mwamba: nthambi zouma, zothyoka zomwe zangokodwa, ndi mphanda yothina yomwe yayamba kung'ambika. Mtengo womwe unakula chopendekera si woopsa ngati womwe wayamba kupendekera posachedwa.

N'chifukwa chiyani imagwa nthawi ya mvula?

Mtengo uli ngati chitsulo chotukulira mwala. Mphepo imakankha kumasamba, ndipo mphamvuyo imakathera kutsinde ndi kumizu. Mtengo ukatalika, mphamvu yoplindira tsinde imakulanso. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza pafupifupi kanayi. Pa nthawi yomweyo dothi lodzaza madzi limaterera, siligwiranso mizu. Pamalo otsetsereka, monga m'mphepete mwa phiri la Chiradzulu, vutoli limakula.

Nanga kulemera kwake? Bulugama wamuwisi amalemera pafupifupi makilogalamu 1,000 pa cubic metre imodzi. Thunthu la masentimita 40 m'mimba mwake, lotalika mamita 10, limakwana pafupifupi 1.26 cubic metres. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 25 a chimanga a makilogalamu 50. Palibe denga la malata lomwe lingapirire zimenezo.

Kodi ungafike panyumba?

Apa gwiritsani ntchito masamu a similar triangles. Dzuwa likuwala, imikani ndodo ya mita imodzi pamalo athyathyathya ndipo muyeze chithunzithunzi chake. Tinene kuti chakwana mamita 0.8. Nthawi yomweyo yezani cha mtengo, tinene mamita 12. Gawani 12 ndi 0.8, mupeza mamita 15. Nyumba, khola kapena njira yomwe ili pafupi kuposa mamita 15 ikhoza kugweredwa. Pa tsiku lodula, aliyense wosagwira nawo ntchito atalikire kawiri kutalika kwa mtengo, kutanthauza mamita 30.

Mmene odziwa amagwetsera

Iyi ndi ntchito ya akuluakulu ozolowera, osati yanu. Koma sayansi yake muidziwe. Wodula amayamba wasema kakamwa kumbali yomwe akufuna mtengo ugwere, kosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a thunthu. Kenako amadula kumbuyo, pamwamba pang'ono, n'kusiya kachigawo kosadula pakati. Kachigawoko kamagwira ngati hinjesi ya chitseko, kuwongolera mtengo pokugwa. Mtengo ukayamba kupita, iye amathawira chakumbuyo cham'mbali, njira yomwe anailambuliratu.

Mtengo woola sumvera lamulo limeneli chifukwa kachigawo kaja kamathyoka msanga, ndipo kugunda kwa nkhwangwa kumagwetsa nthambi zouma pamutu pa wodula. Ukakhala pakati pa nyumba, umadulidwa pang'onopang'ono kuyambira kumwamba, zidutswa n'kumatsitsidwa ndi zingwe. Ukayandikana ndi mawaya amagetsi, musaukhudze, dziwitsani a ESCOM. Mtengo wonyowa umadutsa magetsi.

Musanaitane wankhwangwa

Nthawi zina kusadza nthambi imodzi yoola n'kokwanira. Mitengo imatchinga mphepo ndi kugwira nthaka, ndiye kuimaliza yonse chifukwa cha mantha n'kuitana vuto lina. Mitengo imatetezedwanso ndi lamulo la zankhalango la 1997, choncho makolo afunse alangizi a zankhalango ndi amfumu, makamaka ukakhala mtengo wachilengedwe. Ukakhala wa m'malire, akambirane kaye ndi oyandikana nawo.

Nthawi yabwino yoyendera mitengo ndi chilimwe, mvula isanayambe. Sabata ino zungulirani pakhomo, yezani mtengo wautali kuposa yonse, ndipo zomwe mwapeza mukawauze makolo. Ngati wina udulidwe, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Dzalani wina, koma muwerengeretu kutalika komwe udzafike, kuti ukhale patali ndi denga.