Kodi mumadziwa?

Foni imene munagula pa Lizulu kapena pa boma la Ntcheu, ngati sikirini yake ndi ya 1920 x 1080, ili ndi timadontho towala 2,073,600. Pa masikirini a OLED, kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo kali ndi matransisita ake olamulira magetsi komanso kapasita yosunga mphamvu kufikira chithunzi chitasintha. Chovuta n'chakuti matransisita satuluka ofanana ndendende kufakitale, choncho mbali ina ikhoza kuwala kuposa inzake. N'chifukwa chake m'mafoni ambiri kadontho kamodzi kamapatsidwa matransisita 7 m'malo mwa 2, kuti owonjezerawo azikonza kusiyanako. Timadonthoti timatopanso, choncho musamasiye chithunzi chimodzi chowala kwambiri nthawi yaitali chifukwa chimasiya chipsera.